Manja amene sanazule kapaipi

Chaka changa chachiwiri ku Joni ndinapeza ntchito m'chipinda cha mafayilo pa kachipatala kena kufupi ndi migodi ya ku Rustenburg. Dokotala kapena nesi akalemba vuto la wodwala, ine ndinkafufuza nambala yake m'chibuku chonenepa n'kuikopera pa fomu. Vuto lililonse linali ndi nambala yakeyake. Ndinkayenda modzimva ngati dokotalayo ndine.

Muwodi ya abambo munagona mkulu wina wa ku Ntcheu amene anakalambira pansi pa mgodi. Anali atafa ziwalo, manja onse awiri ali lende, kumeza kukuwakanika. Ankadyera m'kapaipi kolowera pamimba. Ndikapita kukawazonda ankandiseka ndi dzina la kumgodi la kalaliki: "Mabhalane, lero wandilemba nambala yanji?"

Tsiku lina fayilo yawo inafika patebulo panga. Nesi wamkulu anali atalemba kuti wodwala wazula yekha kapaipi, akukana chakudya. Ndinkadziwa kumene nambala imeneyo inkathera: wokana chithandizo ankamutulutsa, kapaipi kena osamuikanso. Ndinathamangira kuwodi.

"Kanatseka ndi phala, mwanawe," anatero mkuluyo. "Anesi anakakoka mwaukali, basi kanaguluka. Njala ndiye yandipha."

Mtima unandiwira. Ndinabwerera n'kulemba nambala ya kapaipi kotseka ndi kuguluka.

Posakhalitsa nesi uja anatulukira, fomu ili m'manja. "Wena iwe, udokotala unauphunzira kuti? Kopera zimene ndalemba. Kontirakiti yako ikutha mwezi uno, waiwala?"

Sindinaiwale. Mantha ndinali nawo, ndisaname, pakuti kukhala ku Nkaneng, kuzisakasa kumene ndinkagona, wopanda ntchito si masewera. Koma ndinaona kuti ndikakopera bodzalo, wopha mkuluyo ndi njala ndikhala ine.

"Pepani mayi, izi zokha sindilemba. Tiyeni kwa adokotala."

Tinakawapeza kuwodi komweko. Ndinanyamula dzanja la mkuluyo n'kulisiya. Linagwera pabulangete ngati chisanza chonyowa. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi linzake.

"Azula ndi chiyani, adokotala? Ndi zala zakumapazi?"

Dokotala anawerenga fayilo, n'kukhwatcha mzere wa nesi, n'kusainira nambala yanga. Kapaipi katsopano anawaika madzulo omwewo.

Mwezi utatha anandiuza kuti ndisabwerenso. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Nditapita kukatsanzika mkulu uja, ndinapeza phala likutsika bwinobwino m'kapaipi.

"Mabhalane," anatero, "nyamula wekha dzanjali, ndikufuna ndikugwire chanza. Ine silindimvera."

Ndinalinyamula, koma ulendo uno sindinalisiye kuti ligwe.