Kabelu Kodulidwa Kanandimanitsa Maliro a Bambo

Ndinalakwa, ndipo sindibisa. Ndinatontholetsa gulu la mauthenga la banja lathu pafoni, ndiye bambo anga anaikidwa m'manda ine ndikuwotcherera geti la munthu ku Balaka. Chimenecho ndikuvomera. Koma zoti ndinakana abale anga, zimene ena akunenabe kwathu kwa Kawinga, iyayi. Ndidzazikana mpaka nane adzandikulunge m'sanda.

Ndine woyamba kubadwa m'banja la Chisilamu. Ndinapita ku Balaka kukagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo kumeneko ndinakwatira mkazi wa Chikatolika. Bambo sanayankhulepo zambiri. Amene anaivina nkhaniyi ndi amalume ndi mng'ono wanga Yusufu. Pagulu paja tsiku silinkatha osandibaya. Uyu afunse ngati ndayamba kudya nkhumba, uyo atumize chithunzi cha mtsikana wa kumudzi, ati ameneyu akadalipo. Foni ili ti! ti! m'thumba, ine moto uli m'manja. Mkazi wanga ankati akawerenga, ankangoibweza foni patebulo.

Kutuluka pagulu sindinafune, chifukwa aliyense amaona kuti uje watuluka. Mnzanga wa pashedi ndi amene anandionetsa zoika pa myuti. Foni inandifunsa kuti ikhale chete kwa maola ochepa, sabata imodzi kapena mpaka kalekale. Ndi mkwiyo umene ndinali nawo, ndinadina mpaka kalekale. Pambali pa dzina la gulu panabwera kabelu kodulidwa ndi kamzere.

Inu owerenga, mvetsani bwino za kabelu kameneka. Sikatsekera munthu kunja. Mauthenga onse amafika ndithu, n'kumaunjikana, kungoti foni silira. Wotumizayo sadziwa kalikonse. Iye amaona matiki awiri osonyeza kuti uthenga wafika, n'kumati basi wakuuzani.

Lachiwiri lina bambo anagwa akuchokera kumzikiti ku swala ya m'mawa, ndipo anatisiya asanafike nawo kuchipatala. Kwathu maliro sagona. Yusufu analemba uthengawo pagulu dzuwa litangotuluka. Mayi, amene foni yawo ndi ya mabatani, anafunsa kawiri ngati ndauzidwa. Yusufu anawayankha kuti uthenga wafika. Anthu anandidikira mpaka swala ya masana, kenako ashehe anati thupi silingadikirenso.

Ine ndinatsegula foni dzuwa litapendeka, kufuna chithunzi cha geti chimene kasitomala ananditumizira. Ndinaona gulu lija lili pamwamba, mauthenga ali tho. Chinthu choyamba kuchiona chinali chithunzi cha anthu atanyamula jeneza, chonyamulira maliro. Ndinasiya makina osazimitsa. Minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Nsanama, kenako njinga yamoto. Ndinafika kukuyamba kuda. Kumanda ndinapeza dothi likadali lonyowa. M'dzenje mmene ndinayenera kutsika ine kukalandira thupi la bambo, munatsika Yusufu.

Mawa lake Yusufu anabwereka foni yanga kuti aimbire munthu. Atakaona kabelu kaja, anathamanga nayo kwa amalume ngati wagwira mbava. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti ndinabuloka abale anga pomvera mkazi. Amalume anandiitana pakhonde anthu ali phwamwamwa. Anagamula kuti tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi ndidzaime pamaso pa banja n'kuvomera kuti ndinakana mtundu wanga, ndiponso kuti mkazi wangayo asadzapondenso pakhomo paja.

Mtima unandiwira. Ndinauza Yusufu kuti alembe chilichonse pagulupo pomwepo. Analemba. Uthenga unalowa m'foni mwanga mwakachetechete, ndipo ndinaonetsa aliyense. Ndinawauza kuti munthu wobulokedwa uthenga wake sufika, ndipo myuti ya gulu siletsa munthu kukuimbira. Kenako ndinatsegula pamene pamaoneka anthu amene andiimbira, n'kupereka foni kwa amalume.

"Amalume, werengani mokweza. Ndani anandiimbira dzulo?"

Panalibe ndi mmodzi yemwe. Anthu amene amatha kuimba foni pofuna kudziwa mtengo wa malata ku Balaka, pa imfa ya bambo anga anangolemba, n'kukhala pansi. Amalume anayamba kukonzakonza chipewa chawo. Mayi anamuyang'ana Yusufu nthawi yaitali.

Ndikanasiyira pomwepo ndikanachoka ndili wopambana. Koma ndinapitiriza kukweza mauthenga akale aja, ndipo ndinapeza uthenga wa mawu wa Lachisanu lapitalo, wotumizidwa ndi foni ya Yusufu. Ndinaudina pomwepo, anthu onse akumva. Anali bambo.

"Iwe wa ku Balaka, chitseko cha amayi ako chatha ndi chiswe. Upange chachitsulo ubwere nacho. Ubwerenso ndi mkazi wakoyo ndidzamuone bwinobwino. Asamaope, pano ndi pake."

Ndinalira ngati kamwana, sindichita nazo manyazi. Masiku anayi bambo anali kundiitana m'thumba mwanga momwe, ine osamva. Tchimo langa ndi limenelo, osati lija ankandipachika amalume. Nditapukuta misozi ndinawauza kuti mawu ogamula za mkazi wanga awamva okha kuchokera kwa mwini khomo, ndipo sindidzaima pamaso pa munthu aliyense kuvomera bodza.

Inu owerenga, ngati pali anthu amene akukusowetsani mtendere pafoni, atontholetseni, ndi ufulu wanu. Gulu lathu lija kabelu kake kalipobe mpaka lero, ndipo amene zikumuwawa zimuwawe. Kungoti tsopano ndimalitsegula m'mawa uliwonse ndisanagwire chitsulo. Musadine mpaka kalekale muli ndi mkwiyo n'kuiwalako ngati ine. Nthawi ndi nthawi muziyang'ana maina amene ali ndi kabelu kodulidwa, chifukwa pansi pa zachabechabe zija pamatha kugona uthenga wa munthu amene amakukondani. Nanunso otumiza, matiki awiri si khutu la munthu. Ikakhala imfa kapena matenda, imbani mpaka mumve mawu ake.

Tsiku la sadaka ndinafika ndi chitseko chachitsulo titachimangirira pangolo ya ng'ombe kuchokera kumsewu, mkazi wanga ali pambali panga atafunda mpango wake. Amalume anayang'ana kumbali. Ine sindinapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Mayi anamugwira dzanja mpongozi wawo n'kulowa naye m'nyumba, ine n'kuyamba kuzula chitseko chakale chija. Chatsopanocho chinakwana bwinobwino, ndipo sichilira potsegula. Amene anachipempha sanachigwireko ngakhale kamodzi.