Chitenje Chobisa Anthu

Pakamwa panga pandipalamulira milandu yambiri, koma waukulu ndi uja ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa mng'ono wanga usanayambe n'komwe.

Ine ndimaluka tsitsi ku Matero, m'kasaluni ka mipando iwiri. Sukulu ndinailekera panjira kuti mng'ono wangayo apitirize, ndipo anapitirizadi mpaka kunja, kukaphunzira za kuwala ndi mafunde. Atabwerako ndinamufunsa chimene amapanga kwenikweni. Anathira madzi m'tambula n'kuikamo supuni, ndipo supuniyo inaoneka yothyoka pamene yalowera m'madzi. Anati kuwala kukamachoka mumpweya kulowa m'madzi kumapindika, ndipo madzi, galasi ngakhale mafuta, zonse zimakupindira mbali imodzimodzi. Iye ndi anzake amakonza zinthu zokupindira mbali inayo, moti madzi akanakhala otero, supuni ikanaoneka ngati yakhotera komwe yachokera.

Anandionetsa kathabwa kobiriwira kodzaza timphete ta kopa tondandalikidwa m'mizere. Anati chinsinsi si kopayo ayi, koma kayalidwe ka timpheteto, ndipo kathabwako kamagwira pa mafunde onga a foni, osati pa kuwala koona ndi maso. Anatchula za timilongoti ting'onoting'ono ta m'mafoni, ndi magalasi oonera tinthu tochepetsetsa. Ine ndinkangoyasamula. Kenako anati ena akuyesa kuti mafunde azilambalala chinthu monga madzi alambalalira mwala, kuti makina ofufuzira asachione. Apo ndiye tulo tinandithera.

M'mawa mwake ndinali pamutu pa mayi wina amene sasiya kutama mwana wake wa ku banki. Ndinapirira mpaka theka la mutu, kenako ndinati mng'ono wanga amapanga chitenje choti ukafunda suoneka. Saluni yonse inangoti zii. Kukoma kwa chete ameneyo ndi kumene kunandipweteka, chifukwa ndinathirako mchere: ndinati ndinachifundapo ndekha, kukwera minibasi mpaka ku Kamwala, kondakitala n'kundikhalira pamiyendo osadziwa. Anaseka ndi awiri okha. Enawo anapita nayo nkhani kwawo tsitsi lisanaume.

Bodza lilibe mwendo, koma langa linafika ku komboni ya George tsiku lomwelo, kwa amayi a mnyamata amene anatomera mng'ono wanga. Amenewa ndi mayi wa Chibemba, wogulitsa salaula, zovala zija za kaunjika, wotsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi kwawo. Nkhani pofika kwa iwo n'kuti itamera nyanga: ati mtsikanayo amalowa m'nyumba za anthu osaoneka. Anatumiza nkhoswe kudzanena kuti kuphwando la mkwatibwi, limene linatsala masabata awiri, sabwera, ndipo mwana wawo sangakwatire munthu wosowa masana.

Mng'ono wanga sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, poti pa zokangana palibe andiposa. Anangosiya kundiyang'ana. Mbale ankandipatsira maso ali kukhoma. Ndinachita mantha, ndipo ndinadzida.

Tsiku lachitatu ndinamanga chitenje changa, chooneka bwino lomwe, n'kupita ku George. Amayi aja ndinawapeza akusankhula majekete pakhonde, ndinagwada pafumbi.

“Ba mayo, ni ine ninanama. Kulibe chitenge cha so.”

Anandifunsa chimene mkazi wamkulu ngati ine ndinanamira, ndipo yankho linatuluka ndisanalikonze.

“Nenze kufuna chabe baziwe kuti naine nili na muntu. Vamene anapunzila sinivimvela, manje ninapanga vanga.”

Anapinda jekete, kenako anati bodza linatulukira pakati pa amayi, choncho likabwezedwe pakati pa amayi. Kuphwando abwera, koma ine ndikaimirire ndi kufotokoza ntchito yeniyeni ya mwanayo. Akapanda kumva, mkwatibwi samuvundukula.

Ndinabwerera kusukulu ndili ndi imvi zitatu. Mphunzitsi wanga, mng'ono wanga yemweyo, ankandiphunzitsa mano ali gwa, akuyang'ana pepala, ndipo ndikalakwitsa ankangoti tiyambirenso. Makasitomala anavutika sabata imeneyo, poti wina ndinamuluka mizere yokhotera mbali yolakwika.

Kwathu kuno mkwatibwi amalowa m'phwando lake atamufunditsa chitenje kumutu mpaka kumapazi, ng'oma zikulira, ndipo amakhala pansi choncho mpaka a kuchimuna atamuvundukula. Tsikulo amayi anadzaza kuposa amene tinaitana. Maso onse anali pa chitenje chija. Gogo wina anachita kusendera pafupi n'kutosa ndi chala kuti amve ngati muli munthu.

Ng'oma zitaleka, apongozi aja anandikodola. Ndinaimirira, ndipo mawu onse a m'pepala anandithawa. Ndinangoona mitu, yambiri yoluka ine ndemwe. Ndinati kuwala kumapindika kukalowa m'madzi, ndipo mng'ono wanga amakupindira kwina. Ndinati sachita ndi mankhwala, amachita ndi kayalidwe, monga tsitsi limakhala lomwelo koma kalukidwe ndiko kamalipatsa njira. Ndinawauza kuti ntchito yake ndi yoti foni izigwira bwino ndi kuti tinthu tosaoneka tioneke. Za minibasi ndinavomera kuti kondakitala anandiona bwinobwino, mpaka anandilalatira.

Anthu anafa nacho chiseko, koma apongozi sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Namvela. Kansi ni kaluso chabe.”

Anawerama n'kuyamba kupinda chitenje chija pang'onopang'ono kuyambira kumapazi, nthungululu zikukwera. Mwambo umati mkwatibwi asadzutse mutu, asamwetulire, maso akhale pamphasa. Alangizi anamutsina kawiri konse, koma mng'ono wanga anadzutsa mutu, misozi itaononga zonse zimene anamupaka kumaso, n'kundifunafuna pagulu mpaka atandipeza.