Tsiku Limene Ndinasesa Bini ya Kompyuta Yachitatu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala chaka chathunthu pakhomo ku Zakazaka, ndikulemba makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Tsiku lina ndinapita kukalembetsa kalata pa kashopu ka makompyuta ku Chikanda. Eni ake, mayi Likoswe, ankalemba akuyankha foni uku akukalipira pulinta, moti kalata ya tsamba limodzi inatenga theka la ola. Ine kudikira kumandivuta. Ndinati, "Mayi, tandibwerekani mpandowo ndilembe ndekha." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anadzuka. Nditamaliza anati, "Lolemba ubwere seveni koloko, Esinati. Koma pakamwapo ukapasiye kunyumba."

M'shopumo munali makompyuta atatu akale, pulinta ndi sikana. Chuma chenicheni chinali fulashi imene mayi Likoswe ankavala m'khosi pa chingwe cha nsapato. Munali timapulogalamu ting'onoting'ono, kalikonse ka ntchito imodzi yokha, ndipo mayiwo anatipatsa mayina awoawo. Lumo linali lochepetsa zithunzi kuti zilowe pa mafomu a pa intaneti. Singano inkasoka masamba osikana kukhala fayilo imodzi. Tsache linkachotsa zinyalala zolemetsa kompyuta. Panalinso Khasu, lofukula mafayilo ofufutidwa, koma ilo sankandilola kuligwira.

Ine ndinakonda Tsache koopsa. Ukalitsegula limakuonetsa timabokosi tambirimbiri tochongedwa kale, pansi pake batani limodzi lalikulu. Ukadina batanilo, kompyuta imene imakwawa imayamba kuthamanga, ndipo ana asukulu a pakoleji ankati, "Asisi awa ndi dokotala!" Ndinkamva kukoma. Timabokosi tija sindinatiwerengepo n'kamodzi komwe.

Mwa makasitomala athu munali bambo ena achikulire, a Mukhwapa, mlonda wa nkhalango kuphiri. Lachinayi lililonse ankatsika wapansi atavala majombo, akununkhira paini ndi utsi, n'kukhala pa kompyuta yachitatu yapakona. Ankalemba okha ndi zala ziwiri. Zimene ankalemba inali mbiri ya banja lawo, mmene linachokera ku Mozambiki. Mayi awo asanamwalire, bambowa anawajambula mawu pa foni katatu: kawiri akuimba, kamodzi akusimba za ulendowo m'Chilomwe. Mayi Likoswe anawakopera mawuwo pa kompyuta ija kuti azimvetsera polemba. Patapita nthawi foni inagwera mumtsinje akuzimitsa moto wa m'nkhalango. Choncho mawu a mayi awo anatsala malo amodzi okha padziko lapansi, pa kompyuta yachitatu.

Sabata ina mayi Likoswe anapita kumaliro kumudzi, ndipo anandiveka fulashi ija m'khosi. Lachitatu m'mawa kompyuta yachitatu inayamba kulemera. Ndinatsegula Tsache, koyamba pa kompyuta imeneyo, kudina batani, basi. Masana onse ana asukulu anagwiritsa ntchito kompyutayo, kusungapo zolemba zawo ndi nyimbo zawo.

Lachinayi a Mukhwapa anafika mwa nthawi zonse, n'kundipatsa kapepala ka mapichesi. Anakhala pansi. Ndinaona kuti sakutsegula foda iliyonse, akutsegula bini, muja mumapita mafayilo ofufutidwa. Anayang'ana kanthawi, kutseka, kutsegulanso.

"Mwana wanga," anatero, "dzala ili wasesa ndani?"

Ndinati ndine, dzulo. Apo m'pamene anandifotokozera. Kawiri konse ana asukulu anali atawafufutira foda yawo, ndipo kawiri konse mayi Likoswe anakaipeza m'bini ili bwinobwino. Bambowa anaganiza kuti malo otetezeka ndi amenewo. Akamaliza kulemba ankaiponya okha foda m'bini, Lachinayi lotsatira n'kuitulutsa. "Pakhomo aliyense amagwiragwira zinthu," anatero, "koma ndani amakasuzumira kudzala?"

Pakamwa panga paja sindinapasiye kunyumba. Ndinati, "Koma inu bambo, munthu amasunga katundu m'bini?"

Sanakwiye. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Mayi anga anali mmenemo."

Abale, ndinachita manyazi. Ndinatsegula Tsache n'kuwerenga timabokosi tija kwa nthawi yoyamba. Kachitatu kuchokera pamwamba kanali kokhuthula bini, kochongedwa poyera, ndipo kanali pomwepo masiku onsewo.

Ndinaimbira mayi Likoswe. Ndinkamva nyimbo za pamaliro kumbuyo, iwo akulankhula monong'ona. "Imva bwino. Fayilo yofufutidwa sichoka pompo, imatsala pa disiki mpaka china chidzakhale pamalo pake. Pa kompyutayo pasakhalenso munthu. Khasu ulitsegulire pa fulashi pomwepo, usaliike m'kompyuta. Zimene ufukule uzisunge pa fulashi ina. Ndipo usalire, kulira sikufukula kanthu."

Ndinalemba pepala lakuti YAWONONGEKA n'kulimata pamwamba pa sikirini. Mtsikana wina wa pakoleji anadandaula kuti zolemba zake zikufunika thu koloko, ndinamuuza adikire kompyuta yoyamba. Kenako ndinawauza a Mukhwapa kuti sindidzuka pampandopo mpaka titaona mapeto ake.

Khasu lili ndi njira ziwiri zofufuzira. Yachangu inatha m'mphindi zochepa, yosapeza kanthu ka bambowa. Ndinasankha yakuya, imene imayenda disiki yonse pang'onopang'ono. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Katadutsa pakati, cha m'ma leveni koloko, magetsi anathima. Ndinatukwana mumtima, sindikana. Jenereta tinalibe. A Mukhwapa anakhala pa benchi panja, akuyang'ana phiri. Ndinawagulira chinangwa chophika, iwo anangochigwira m'manja.

Magetsi anabwera wani koloko itadutsa, ndipo ndinayambiranso pachiyambi. Bambowa anayenera kunyamuka dzuwa lisanapendeke kwambiri, chifukwa njira ya kuphiri ndi yaitali. Ndinawapempha kuti adikire. Anati adikira.

Kufufuza kutatha, mafayilo anatuluka mulu, onse opanda mayina, manambala okhaokha. Ndinawasanja potengera mtundu. Zolemba zawo ndinazipeza msanga, masamba ena atasanduka zilembo zosamveka. Iwo anati, "Zimenezo ndilembanso. Funani mawu."

Mafayilo a mawu analipo ambiri zedi, chifukwa ana asukulu amene anakhalapo pa kompyutayo anasiyapo nyimbo zawo. Panalibe njira ina koma kukopera onse pa fulashi n'kumatsegula imodziimodzi. Ndinalumikiza timasipika, bambowa anakokera mpando pafupi. Ina inali kwaya, ina nyimbo yovina yaphokoso, ina mbusa akulalikira. Ndikatsegula, iwo kupukusa mutu, ine kutseka. Tinachita zimenezo mpaka chala changa chinauma pa mausi.

Kenako inatuluka ina ya phokoso ngati wailesi yosagwira bwino. Mkati mwake munamveka mawu a gogo akuimba, kamphindi kochepa, n'kudukanso. A Mukhwapa anati, "Ndi imeneyo." Ndinaikoperanso, ndinayesa pulogalamu ina yoimbira, koma sizinathandize. Nyimbo za ana asukulu za dzulo lake zinali zitakhala pamalo pake. Nyimbo yachiwiri sitinaipeze n'komwe.

Mafayilo anatsala ochepa. Ndinatsegula ina yaikulu. Poyamba panalira tambala, kenako munthu anatsokomola, kenako mawu a mayi wokalamba, omveka bwino ngati ali pakona pomwepo. A Mukhwapa anaimirira. Mayiwo anafunsa kanthu m'Chilomwe, ndipo bambo a imvi zawo aja anayankha sipika kuti, "Eee, amayi." Ana asukulu awiri amene anali m'shopumo anasiya kulemba. Ine Chilomwe sindimva, koma bambowa anandiuza motsitsa mawu kuti, "Akutchula mitsinje imene anawoloka." Tinamvetsera mpaka kumapeto, yonse yathunthu.

Ndinaikopera pa fulashi yatsopano, pa kompyuta yoyamba, ndi pa foni yanga. Kenako ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndinalakwa ndine. Nyimbo zija zapita chifukwa sindinawerenge." Iwo anati nawonso anali ndi mbali yawo, koma ine sindinalole kuti tigawane. Batani ndinadina ndine.

Lachinayi lotsatira ndinawadikirira ndi foni yanga yodzaza moto. Ndinawauza kuti lero salemba, aimba nyimbo za mayi awo zija, ine ndiwajambule. Anakana, amvekere mawu awo ndi a khwangwala. Ndinalimbikira, pakamwa paja panagwira ntchito yabwino tsiku limenelo. Anaimba nyimbo yoyamba yonse. Yachiwiri anaima pakati, mawu ena atawathawa, ndipo mpaka lero ili choncho, yatheka.

Panopa ndili ndi kashopu kanga ku Mtiya, ndipo timapulogalamu tija ndimatigwiritsabe ntchito tsiku lililonse. Ndi tabwino, timachita ndendende zimene watiuza, osafunsa kuti katunduyo ndi wa yani. Kufunsako ndi ntchito yanga. Ndisanadine batani lililonse ndimawerenga bokosi lililonse, ngakhale kasitomala akundifulumiza chotani. Ndipo ndisanatsegule Tsache, ndimayamba ndatsegula bini n'kuyang'ana fayilo imodziimodzi. Makasitomala amaseka, amati ndikufuna chiyani m'zinyalala. Ine ndimangowauza kuti ndikuona ngati mulibe mayi a munthu.