Dontho la Oyilo Pabalaza pa Amayi

Amuna anga ankakonda kunena kuti tsiku limene njinga idzafe ndi lomwe iwo adzakwere basi ya ku Joni. Ankanena moseka, uku akupukuta thanki ndi malaya akale, koma ine sindinkaseka nawo. Anzawo omwe ankathyola nawo tiyi pa esiteti anali atapita kale, ndipo akazi awo ndinkakumana nawo kuchigayo, foni ili m'manja, akudikira uthenga wosabwera. Ntchito ya masamba ndi ya dzinja. Mvula ikangoleka, kapitawo amakuuzani kuti mukapume kaye, ndipo kupumako kumadya miyezi. Njinga yamotoyo, yakale yogula kwa munthu, ndi imene inawasunga pakhomo. Ankanyamula anthu ndi mikoko ya nthochi pakati pa Khonjeni ndi m'malaini a esiteti, madzulo n'kubwera kudzadya ndi ana athu awiri.

Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi. Malo ndi a amayi anga, nthochi ndi za amayi anga, ngakhale nyumba imene amuna anga anaumbira okha njerwa inali pa dothi la amayi. Chawochawo pamudzi ponse inali njingayo basi. Koma chitseko chathu chinali chofooka, akuba njinga ali mbwee, ndiye inkagona pabalaza pa amayi pomwe panali simenti ndi loko wabwino. Akaweruka ankaima pabwalo n'kutsokomola, amayi n'kutulukira khomo la kuseri, iwo n'kuilowetsa. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anizana, sadyera pamodzi, sachezerana. Akakumana panjira mmodzi amapatukira m'tiyi. Mawu alionse pakati pawo ankadzera mwa ine.

Amayi anagwirapo ntchito m'nyumba ya bwana wina wa pa esiteti, ndipo chimene anachokako nacho ndi matenda a ukhondo. Simenti yawo inali psuu ndi polishi, yoti ntchentche kuterapo n'kuterereka. Chinanso, ankadana ndi chinthu chodontha. Ndowa ikabooka ankaimata ndi pulasitiki wosungunula, lata la padenga ankalimata ndi phula. Tsono njinga ija inali ndi kapaipi kakuda kochokera pa injini, kolendewera pansi, ndipo m'mawa uliwonse kankasiya dontho la oyilo pa simenti yofiirayo.

Tsiku lina dontho linaleka. Pasanathe masiku, injini inayamba kuchita thukuta la oyilo mbali zonse, fumbi n'kumamatirira. Ndinali ndi amuna anga popita kwa makaniko ku Khonjeni chifukwa linali tsiku la msika. Makanikoyo anagwada, kugwira kapaipi kaja, n'kusololamo kamtengo ka tiyi kosongoledwa bwino, kokulungidwa m'kajumbo. Anaseka mpaka kukhala pansi, n'kufunsa amuna anga ngati ali ndi mdani. Kenako anatilongosolera kuti pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wina wotentha umathawira kunsi komwe kumakhala oyilo, ndipo uyenera kutuluka. Usanatuluke umadutsa m'kachipinda kamene kamagwira nthunzi ya oyilo n'kuibweza m'injini, ndiye kotsala pang'onoko ndi dontho lija. Mukatseka, mpweyawo umadziboolera njira yake pa masilo ndi pa gasiketi, zotsekera zoti oyilo asatayike.

"Imeneyi ndi mphuno ya injini," anatero. "Munthu wa chimfine simumutseka mphuno, mayi."

Amuna anga anakatembenuza kamtengo kaja m'manja. Tonse tinkadziwa mpeni umene unasongola. Akanakhala mwana akanalawa chikoti, akanakhala mlamu bwenzi atamvana chichewa pomwepo, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tili m'njira anangoti ndikawauze amayi, koma mwaulemu.

Ndinawauza, mwaulemu monga anandipemphera. Amayi anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati iwo akula akuona zinthu, ndipo chodontha chilichonse n'chobooka, amakaniko amangofuna kuti muzipitako pafupipafupi. Ndinabwereza za mphuno zija, iwo n'kundifunsa kuti chitsulo chinayamba liti kupuma. Mtima wanga suchedwa, ndinautenga kwa iwo omwewo, ndiye tinasiyana aliyense atatupa. Mawa lake ndinaika kachitini pansi pa kapaipi kaja. Sanakachotse, ndipo ine ndinati nkhani yatha.

Njinga inkakalamba. Inayamba kufuka utsi, ndipo madontho m'kachitini anachuluka. Makaniko anati maring'i a pisitoni atha, mpweya wothawira kunsi wachuluka kuposa umene kachipinda kaja kangathe kusefa, koma tikamathira oyilo itipirira mpaka tidzapeze zokonzera. M'mawa uliwonse amuna anga ankagwada pabwalo, botolo lili chozondoka, kuligwedeza kuti kotsalira konse katsike. Amayi ankaona zonsezi ali pazenera.

Inali nyengo ya chiperoni, kozizira, minda ya tiyi yosaoneka ndi nkhungu. Amuna anga anapeza munthu wopita cha ku Thekerani, njira ya zitunda zokhazokha. Anabwera dzuwa litapendeka, wapansi, akuikankha, buluku lonse lili oyilo ndi matope. Silo inaphulika pa chitunda chachitali, oyilo yense n'kutayikira mumsewu, ndipo ndi matope ndi mvula yowaza ija sanazindikire mpaka injini inalira kachilendo n'kuuma gwa. Makaniko atabwera kudzaitsegula sanaseke. Ndi kawaya anakoka m'kapaipi muja kansanza koviikidwa m'phula la kandulo, kokankhidwira mkati kwenikweni moti munthu sakanakaona. Kansanzako kanali ka chitenje chakale chimene amayi ankandiberekera ndili khanda. Anati injini yanoka, kuikonza n'chimodzimodzi kugula ina.

Ndinapita kuseri komwe amayi ankasola nandolo, ndipo ndinawakalipira mawu amene mwana sauza mayi wake.  Iwo anaika lichero pansi.

"Ndimawaona akuvutika ndi oyilo, mwanangu," anatero. "Ndimati ndiwasungireko."

Ukali wanga unasowa potera. Ndikanakonda akanachita chifukwa cha simenti yawo, bwenzi ndikudana nawo bwinobwino mtima uli m'malo.

Amuna anga sananene kanthu za amayi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anakafunsa ntchito ku esiteti, anawauza kuti adikire mvula. Anabwerekako njinga ya munthu, koma mwini wake anailanda kupatsa mphwake. Ankakhala pakhonde pathu kuyang'ana nthochi zosakhala zawo, ndipo nthabwala ya basi ija sanaibwerezenso. Nditaona akuchapa okha chikwama chakuda cha paulendo, ndinadziwa.

M'mawa wonyamuka anaima pabwalo pa amayi n'kutsokomola, kuti alowe aione njinga komaliza. Ndinayembekeza kumva khomo la kuseri. M'malo mwake amayi anatulukira kumaso, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwireni ine. Anagwada pa dothi lonyowa, chapatali pang'ono, maso ali pansi.

"Apongozi, ndinalakwa ndine. Musapite."

Amuna anga anavula chipewa, nkhope atalozetsa kunthochi.

"Amayi, dzukani. Njingayo inali itatopa kale."

Mawu amene anthu awiriwa anayankhulana pa moyo wawo ndi omwewo. Kenako ananyamula chikwama, ine n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Anandiuza kuti njinga ndisaigulitse, adzatumiza ya injini. Chiperoni chabwera n'kupita kangapo. Poyamba ankaimba Lamlungu lililonse, pano foni imalira mwa apo ndi apo, ndipo kuchigayo ndimakhala pamzere womwe uja, foni m'manja. Wamng'ono wathu amawadziwira pa chithunzi. Zimandiwawa, ndipo masiku ena ndimalephera kuwayang'ana amayi kumaso.

Njinga ikadali pabalaza, matayala ataphwa. Amayi salola mwana kuikwera. Amaipukuta thanki ndi nsalu yomwe amapukutira simenti, ndipo kachitini kaja anakabwezera okha pansi pa kapaipi. M'mawa uliwonse, asanayambe kusesa, amawerama movutikira ndi msana wawowo, n'kusuzumiramo. Mumakhala mouma.