Chipewa Chofiira cha a Odell Purvis

Kuno ku Mississippi kulibe munthu amene watukwanidwapo ndi anthu ambiri nthawi imodzi kuposa a Odell Purvis. Ine ndi mboni. Ndimagwira tcheni choyezera mtunda m'mphepete mwa bwalo la mpira wachiamerika la koleji yathu, ndiye matukwano onsewo ankadutsa pamutu pangapa.

Ntchito yawo ya Loweruka inali kuvala chipewa chofiira cha kampani ya kanema n'kulowa m'bwalo kuti mpira uime. Iwo akaima pamenepo ndiye kuti pa kanema akutsatsa matayala, mowa ndi nkhuku zokazinga. Osewera adikire, woyimbira adikire, khamu lonse lipse ndi dzuwa, mpaka mawu ochokera m'lole ya akanema awauze m'khutu kuti, "Tulukani." Anthu a m'lolewo sankaoneka, chinkaoneka ndi chipewa. "Choka apo, tambala iwe!" "Ukudikira maliro ako?" Chomvetsa chisoni n'choti zaka zonsezo sanaonekepo pa kanema ngakhale kamodzi, poti nthawi yawo inali ya malonda.

Mkati mwa sabata ankakonza mafiriji. Akazi awo, mayi Earlene, anasoka mayunifomu a bandi ya koleji mpaka maso kuchita chidima.

Ligi yathu itagulitsa masewero ake ku kampani ina ya kanema, tinaona mbonaona. Mpira unasamukira masana dzuwa lili paliwombo, chifukwa madzulo amaonetsa makoleji akuluakulu. Malonda anachuluka. Akatswiri othirira ndemanga, mataye pakhosi, m'chipinda chozizira bwino, n'kumati okonda mpira apindula. Apindula chiyani? Ine msanawu unatha kalekale. Ndiye kunabwera bwana watsopano wa m'lole, Brantley, amene anawauza a Odell mosapsatira: "Madala, tili ndi anthu athu ofuna ntchitoyi. Mukadzangochedwa kutuluka m'bwalo kamodzi, chipewa chibwerere."

"Achimwene, osangoisiya bwanji?" ndinawafunsa tsiku lina tikumwa madzi pamthunzi. "Maondo akutha, malipiro ake ogulira chingamu."

Anapukuta thukuta. "Mayi aja amandidziwa Loweruka lokha, Vernon."

Zinali zoona. Mayi Earlene anali atagwidwa ndi matenda oiwala. Kunyumba ankawalandira amuna awo mwaulemu ngati mlendo wodzakonza firiji. Koma akakhala pampando wawo wakale kubwaloko, mwana wawo Lorene ali pambali, chipewa chofiira chikangolowa m'bwalo anthu n'kuyamba kukuwiza, ankaimirira n'kuloza: "Awo ndi amuna anga!" Mpira ukatha, chipewa chinkabwerera m'lole.

Chaka chatha koleji inaganiza zowathokoza mayiwo pamaso pa anthu chifukwa cha mayunifomu aja, pa nthawi ya malonda. Lorene anawagwira mkono, akuyenda pang'onopang'ono kulunjika pakati pa bwalo pomwe panaima mkulu wa koleji ndi maluwa. Atafika chapakatikati, phokoso linawasokoneza. Anaima. Anachotsa mkono wa mwana wawo, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wotayika pamsika. Kenako anaona chipewa, n'kutembenukira komweko.

Ndinali pafupi, moti ndinkamva Brantley akukuwa m'khutu mwa a Odell. "Tulukani! Madala, malonda atha, tulukani!" Akanatuluka, alonda a pabwalo akanathamangira kudzawachotsa mayiwo msangamsanga kuti mpira uyambe. A Odell anazula kachipangizo kam'khutuko, n'kukaika m'thumba, n'kuima nji.

"Choka, tambala!" anayamba ena kumtunda. Woyimbira anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana chipewa, osaimba wezulo. Lamulo ndi lamulo: chipewa chili m'bwalo, mpira suyamba.

Mayi Earlene anafika, wefuwefu. Anawayang'ana amuna awo kumaso, n'kukweza manja kuwakonza kolala.

"Odell inu, mpaka liti? Kolala yopindika chonchi, anthu onsewa akukuonani!"

"Pepani, mayi," anatero a Odell.

Otukwana aja anatha mawu mmodzimmodzi. Makamera, posowa choonetsa, analoza pa iwo, ndipo ndi tsiku lokhalo limene a Odell anaoneka pa kanema. Akuti akatswiri aja anati ndi chithunzi chokongola kwambiri. Anachionetsanso madzulo ake, mawa lakenso. Koma mpira utatha Brantley anali ataima pakhomo la lole, atatambasula dzanja. A Odell sanakangane naye. Anavula chipewa n'kupereka.

Mtima unandiwawa sabata yonse. Loweruka lotsatira ndinalowa m'sitolo, n'kugula chipewa chofiira chofanana ndendende, n'kupita nacho kwawo. A Odell anachitembenuza m'manja kwa kanthawi, kenako anachivala n'kukaima pakhomo la pabalaza, manja kumbuyo, monga ankaimira m'bwalo muja. Munalibe khamu m'nyumbamo, munalibe wokuwiza. Pa kanema akatswiri anali mkati mokangana za makoleji akuluakulu.

Mayi Earlene anakweza maso, n'kuwayang'ana nthawi yaitali, n'kumwetulira mwaulemu.

"Vulani chipewa m'nyumba, bambo," anatero. "Firiji ili kukhitchiniko."