Mpendero wa Amayi Atelala

Ambiri m'parishi muno tinawadziwa atakalamba kale, atakhala pabenchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko, kolona ili m'manja. Tinkangowatchula kuti Amayi Atelala, ndipo iwo ankavomera.

Anabadwira m'banja losauka la ana ambiri. Sukulu anailekeza panjira mayi awo atadwala, ndipo kusoka anakuphunzira kwa asisitere. Kuyambira utsikana wawo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sanachisiye: chovala chilichonse ankachisiyira mpendero waukulu, nsalu yambiri yopindira m'kati kumunsi kwake. Makasitomala ankadandaula.

"Inu amayi, nsalu yonseyi mwaibisiranji m'katimu? Mukuyesa ndinatola?"

Iwo ankayankha singano ili pakamwa: "Munthu amakula. Mudzabwera kudzandithokoza."

Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa kwaya, bambo wamtali, wa mawu okoma m'tchalitchi koma wa mtima wapachala kunyumba. Makina awo opalasa ndi phazi anali pabalaza pafupi ndi windo, pakati pa tizidutswa ta nsalu, choko ndi sizasi yomangirira chingwe kuti ana asaisowetse. Makinawo ndiwo analera anawo. Nsalu za paguwa ankasoka ndi kusita okha, ndipo ana amasiye ambiri anabatizidwa atavala zoyera zochokera pawindo limenelo.

Chiyeso chawo chachikulu chinabwera pamene mwana wawo wachisamba, wamkazi, anatenga pakati ali pasukulu. Bambo aja anamuponyera chikwama panja.

"Ine ndiimbitsa bwanji kwaya anthu akundiloza zala? Usadzapondenso pakhomo pano!"

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake. Iwo anali pamakina, anaweramitsa mutu, osanena kanthu. Kukhala chete kwa tsiku limenelo kunawapweteka moyo wawo wonse, ndipo sankabisa.

Patapita miyezi anamva kwa dalaivala wina wa basi kuti kwabadwa mwana wamkazi. Anasoka kadiresi koyera ka ubatizo n'kutuma dalaivalayo ndi uthenga woti mwana wawo uja abwere ndi khandalo lidzavale. Dalaivalayo anabwerako akukanda m'mutu.

"Pepani amayi, akuti ndikuuzeni kuti iwo alibe mayi, ndipo mwana wawo sadzaponda m'tchalitchi."

Amayi Atelala anathokoza dalaivalayo, koma kadiresiko sanakatsekere m'sutikesi. Chaka chilichonse ankakamasula, kuwonjezera nsalu ndi kukasokanso kuti kafanane ndi msinkhu wa mdzukulu amene anali asanamuonepo. Poti analibe pomuyezera, ankaitana ana a eni obadwa nyengo yomweyo. "Tabwera kuno iwe, ima mowongoka." Akatha ankapachika diresilo kuseri kwa chitseko n'kupita ku Misa kukatchula m'pemphero mayi ndi mwana yemwe. Mwana wawo wamzime, amene anatsala nawo pakhomo, ankawaseka.

"Amayi, diresi lanuli lakula ife tikuona. Posachedwa lifuna banja."

"Likafuna tidzalisokera la ukwati," ankatero iwo.

Amuna awo atafa ziwalo mbali imodzi, anawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lomaliza, osawakumbutsa zakale ngakhale kamodzi. Kenako maso awo anayamba kuchita mdima, makina n'kuima. Diresilo analisoka komaliza pamanja, mongofufuza ndi zala, pa msinkhu wa mzimayi wamfupi ngati iwo eni. Chimene ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi, choti asatseke maso asanamve mwana wawo akuwaitananso kuti amayi.

Atagona osadzukanso, wamzime anaimbira mkulu wake uja foni kangapo. Masana ena wachisamba uja anatulukira, imvi zili mbuu, ndipo pambuyo pake panali mtsikana wamtali woti anachita kuwerama polowa. Mayiyo anaima pachitseko, osapereka moni. Odwalawo ndiwo anayamba.

"Tsiku lija ndinakhala chete. Ndinalakwa, mwana wanga."

Wachisamba uja anayang'ana kumbali. Amayi Atelala sanaumirire, anangouza wamzime kuti atsitse diresi lija. Linali la nsalu zoyera mosiyana, zina zitayamba kale chikasu.

"Agogo, ine sindinabatizidwe," anatero mdzukuluyo mwamanyazi.

"Ndikudziwa, ndipo sindikukukakamiza. Ungoliyesa ndilikhudze lili m'thupi mwako."

Analivala, ndipo linalekeza pamwamba pa mawondo. Wamzime anaphulika kuseka. Agogowo anafufuza ndi dzanja, napeza bondo lili pamtunda, nawonso anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinkayezera pa ana a eni. Ndinaiwala kuti agogo ako aamuna ankagunda mutu pachitseko chomwechi."

Wachisamba yekha sanaseke. Anayandikira, anagwada n'kutembenuza kumunsi kwa diresilo. M'katimo munali nsalu yopindidwa kawiri, yokwanira kufika m'mapazi n'kutsalako. Anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera pansaluyo. Kenako anakhala pansi, anatenga sizasi ya chingwe ija n'kuyamba kumasula.

"Amayi," anatero osadzutsa mutu, "ulusi woyera mumasunga pati?"

"M'kabati ya makina, kumanzere, mwana wanga. Pomwe paja."

Anamwalira m'mawa wa Lamulungu lotsatira atalandira masakramenti, ana awo onse ali pambali. Anangopuma pang'onopang'ono ngati munthu amene wamaliza ntchito yake.

Sanasiye chuma. Makina ali ndi wachisamba, amene tsopano amasita nsalu za paguwa. Mdzukulu uja anapempha yekha kulowa kalasi la katekisimu, ndipo diresi likumudikira kuseri kwa chitseko. Mayi ake polisoka analifikitsa m'mapazi, koma mpendero anausiyabe waukulu.

Mzimu wa Amayi Atelala uuse mumtendere.