Mayi Anameta Maliro a Irima

Ku Zobue kunali sisitere wa ku Italiya amene tonse tinkangowatchula kuti a Irima. Anabwera ine ndisanabadwe, ndipo theka la ife a kumapiri kuno tinabadwira m'manja mwawo. Mayi anga ankawachapira zovala, koma ukanena kuti ndi wantchito wawo unkaziona. "Ndi anzanga," ankatero. "Ndimangowathandiza chifukwa kuchapa sadziwa."

Pochapa paja ndi pamene ndinkamvera za kwawo kwa a Irima. Ife tinkayesa kuti ku Ulaya konse ndi magalasi ndi magetsi, koma iwo ankati kwawo ndi katauni kakang'ono kum'mwera kwa dzikolo, kokhala pamwamba pa phiri. Nyumba zake ndi zamiyala, zothithikana, timisewu take topapatiza moti bulu wosenza nkhuni ankakhula makoma uku ndi uku. M'munsi mwa phirilo munali tirigu ndi mitengo ya maolivi. Nthawi yozizira kunkagwa chisanu choyera mpaka kutseka zitseko, n'chifukwa chake nkhungu ya mu Juni ikakuta Zobue, ife tili njenjenje, iwo ankayenda akumwetulira ngati alandira mlendo. Nthawi yotentha kunkabwera mphepo yochokera ku Afirika, kuwoloka nyanja, n'kudzathira fumbi lofiira pa zovala zoyanika.

"Ndiye kuti tinayamba ndife kukuyenderani," ankatero mayi, akufinya nsalu.

A Irima ankanenanso za chivomerezi chimene chinagwetsa tchalitchi iwo ali mtsikana. Anthu anamanganso, koma mitima inali itachoka kale. Anyamata anayamba kupita kumafakitale a kumpoto, atsikana n'kuwatsatira.

Migodi ya malasha itatsegulidwa ku Moatize, nafenso tinatsetsereka. Ine ndinapeza ntchito yophikira anthu a mumgodi cha ku Benga, n'kuchita lendi kanyumba m'dera lotchedwa bairo ya 25 de Setembro. Ndikakwera shapa, minibasi zathu zija, kukaona mayi, ndinkapeza minda ya anzanga itamera tchire. A Irima ankangopukusa mutu. "Kwathu kunayamba chonchi, mwanawe."

Kenaka a Irima miyendo inawakana, ndipo akuluakulu awo anawaitana kuti akapumule kwawo. Ndinapita kukatsanzikana nawo. Mayi anali atakonza kamba wa paulendo: nkhuku yootcha, mtedza wokazinga, ndi mbatata, ngati kuti munthu akupita ku Angonia. Ndinawauza kuti m'ndege zimenezi salola, koma kunali kulankhula ndi mwala.

"Akakuchingamirani ndani?" anafunsa mayi.

"Galimoto ya masisitere."

"Ndikunena abale, a Irima."

"Abale kulibe, amayi. Nyumba yathu ndi yokhoma. Sukulu anatseka. Kwatsala nkhalamba ndi amphaka."

Mayi anasiya kumanga phukusi lija. "Nanga tsiku lanu likadzakwana, adzakulireni ndani?"

Apo mayi ananena chinthu chimene sindinamvepo akuuza munthu wa mtundu wina. "Kumanda kwathu malo alipo, pafupi ndi mayi anga. Pali mthunzi wabwino. Khalani."

A Irima anaseka misozi ikutsika, nati analumbira kumvera akuluakulu awo, ndipo sangayambe mwano ataukalamba. Nkhuku ija tinadya tonse pakhonde. Mtedza wokha ndi umene a Irima anabisa m'thumba la mkanjo.

Patapita zaka, nawonso mayi anafooka, ndipo ndinawatenga kudzakhala nane ku Moatize. Sanakukonde. Ankati dzuwa la kuno limaphika munthu ali moyo, ndipo fumbi lakuda limalowa ngakhale m'mphika wovundikira. Uthenga unatipeza kumeneko, pa foni, kuchokera kwa katekisiti wa ku Zobue: a Irima atisiya, ndipo aikidwa kale m'katauni kawo kaja. Mayi anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati kunali anthu. Katekisitiyo anati wamva kuti kunali masisitere ochepa ndi wansembe.

Mayi anayala mphasa pakhonde n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Anakhala choncho masiku angapo, kudya pang'ono, wailesi osafuna kuimva. M'mawa wina, ine ndikuthamangira kuntchito, anandipatsa lezala.

Kunena zoona ndinanyansidwa. Galimoto ya kuntchito siidikira munthu, ndipo ndinkadziwa kuti anansi athu atiseka. "Amayi, kumeta ndi kwa abale. Komanso iwo eni ake zimenezi sankazitsata."

"Ndikudziwa," anatero mayi. "Koma kuphiri kwawoko palibe amene wataya ngakhale tsitsi limodzi. Munthu amene anakutulutsa iwe m'mimba mwangamu apite ngati nkhuku? Ndimete."

Ndinatenga madzi ndi sopo. Mutu wa mayi unali waung'ono kuposa m'mene ndinkaganizira, wofewa. Imvi zinkagwera pa chitenje chawo. Galimoto ija inaliza hutala kumsewu n'kupita. Ndinayamba kulira, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulirira a Irima kapena tsiku limene ndidzakhale ine pamphasa imeneyo.

Mayi wina woyandikana nafe, Mnyungwe wogulitsa nsomba, anaima pampanda ndi beseni lake pamutu. Anaona tsitsi pansi, natula beseni, n'kugwada.

"Pepani, amayi. Watisiya ndani?"

"Akulu anga," anatero mayi. "Afera kutali."